NDEKE ZIKUTERA KU NDOLA: KODI ZIDZABWERERA ZOPANDA KATUNDU WATHU?

Pansipa tasindikiza mau amene analankhulidwa kwa akumpando, alembi ndi asungicuma a nthambi za kumidzi pa nkhani ya bwalo la ndeke la ku Ndola. Akumpando akupemphedwa kuwerengera anthu ao mauwa pa misonkhano ya m'midzi.

 Ndikudziwa kuti ambiri a inu mwasiya makasu m'minda, ndipo ena mwapalasa njinga mtunda wautali kuti mufike pano. Cotero sindidzakutayirani nthawi.

Nkhani yanga lero ndi ya ndeke. Ndikuona ena akumwetulira, ndipo ndikudziwa cimene cili m'mitima mwao. Akuti: "Ife ndeke timaionera kumwamba pamene tikupalira cimanga. Tiweramuka, tiyang'ana, kenaka tiweramanso. Nanga zatikhudza bwanji?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndidzaliyankha mosabisa. Nkhaniyi ikukukhudzani pa zifukwa zitatu. Coyamba, bwalo latsopano la ku Ndola linamangidwa ndi ngongole, ndipo ngongole ya dziko imabwezedwa ndi munthu aliyense, ngakhale amene sanapondepo m'ndeke. Caciwiri, ndeke iliyonse imene inyamula anthu ili ndi malo a katundu kunsi kwake, ndipo malowo akhoza kudzazidwa ndi za m'minda mwanu kapena kupita opanda kanthu. Cacitatu, khomo likatseguka pamalowa abwino ndi oipa omwe, ndipo ana anu ndiwo adzakumana nao.

DZIKO LOPANDA DOKO

Abale ndi alongo, kuti timvetse bwino tiyenera kuyamba ndi kumbuyo. Dziko lathu la Zambia lilibe doko la pa nyanja yamcere. Tazingidwa ndi maiko 8: Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Cilico conse cimene tigula kutali kapena kugulitsa kutali ciyenera kudzera pa bwalo la mnansi. Mnansi akakhala pa mtendere, ifenso tigona tulo. Mnansi akatseka cipata, ife tikhala ngati munthu wotsekeredwa m'nyumba yake yomwe.

Zimenezi zinaticitikira. Pa 11 November 1965, caka cimodzi cokha citapita cilandirire ufulu wathu, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira popanda cilolezo ca Britain. Pa nthawiyo mafuta athu, malasha athu ndi mkuwa wathu zinali kudalira njanji ya kumwera. Mu December caka comweco mafuta analeka kubwera. Akulu amene muli pano mukumbukira makuponi a petulo, ndi magalimoto amene anaima m'misewu cifukwa cosowa mafuta. Kodi cinatipulumutsa n'ciani m'miyezi yoyamba ija? Zinali ndeke. Ndeke za Britain, Canada ndi America zinatuta mafuta m'migolo usana ndi usiku. Mu 1966 kunakhazikitsidwa kampani ya ndeke za katundu, imene ndeke zake za mtundu wa Hercules zinali kucoka ku Ndola zitasenza mkuwa kupita nao ku Dar es Salaam, ndi kubwerako zitasenza mafuta. Pansi, madalaivala anali kulimbana ndi matope ndi fumbi la mseu wa Great North, umene anaupatsa dzina lakuti Hell Run cifukwa ca kuopsa kwake.

Kunyamula mkuwa pa ndeke ndi nchito yodula kwambiri, ndipo palibe dziko limene lingaicite nthawi yaitali. Ndico cifukwa cake mu 1968 paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, inamalizidwa kucokera ku Dar es Salaam kudzafika ku Ndola, ndipo mu 1975 njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inafika ku Kapiri Mposhi. Koma phunziro la zaka zimenezo lisaiwalike: tsiku limene mafuta analeka kubwera pa njira ya kumwera, njira ya mlengalenga ndiyo inatithandiza. Bwalo la ndeke kwa ife si cinthu codzionetsera. Ndilo doko limene lili m'nthaka yathuyathu.

BWALO LATSOPANO

Bwalo lakale la ku Ndola linali pafupi ndi nyumba za anthu ku Itawa, ndipo linacepa. Mu 2011 Mtsogoleri Michael Sata analipatsa dzina la Simon Mwansa Kapwepwe, mwana wa ku Chinsali amene anamenyera nao ufulu wa dziko lino, nakhala Waciwiri kwa Mtsogoleri kuyambira 1967 kufikira 1970. Mu 2017 nchito yomanga bwalo lina inayamba pa malo atsopano, pafupifupi makilomita 15 kumadzulo kwa mzinda. Inagwiridwa ndi kampani ya ku China ya AVIC International, ndipo mtengo wake unali madola a ku America 397 miliyoni. Mtsogoleri Edgar Lungu analitsegula mu August 2021, ndipo ndeke zinayamba kuteramo mu October caka comweco. Dzina la Kapwepwe linasamukira komweko, ndipo bwalo lakale linaperekedwa kwa asilikali a m'mlengalenga, ndipo linachedwa Peter Zuze.

Mseu umene ndeke zimathamangapo pa bwalo latsopanoli ndi wotalika makilomita atatu ndi theka. Utali umenewu uli ndi tanthauzo. Mzinda wa Ndola uli pamalo okwera, ndipo pamalo okwera ndi otentha mpweya umakhala wopepuka, kotero kuti ndeke yolemera imafuna mtunda wautali kuti inyamuke. Mseu waufupi umakakamiza ndeke yaikulu kusiya katundu wina pansi. Mseu wautali umailola kunyamuka yodzaza. Nyumba ya apaulendo inamangidwa kuti izilandira anthu 1 miliyoni pa caka, ndipo palinso nyumba ya katundu payokha.

Pafupi ndi bwaloli pali malo a cikumbutso. M'thengo limenelo, usiku wa pakati pa 17 ndi 18 September 1961, munagwa ndeke imene inanyamula Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations, amene anali kudza ku Ndola kudzakamba za mtendere wa ku Congo ndi Moïse Tshombe. Anthu onse 16 a m'ndekemo anataya miyoyo yao. Ndachula zimenezi kuti tikumbukire kuti nchito ya ndeke sifuna mphwayi ngakhale pang'ono, ndipo ndidzabwereranso pa mfundoyi.

Bwalo la Kapwepwe ndi limodzi la mabwalo anai a maulendo a kunja amene amayang'aniridwa ndi kampani ya boma ya Zambia Airports Corporation. Ena ndi la Kenneth Kaunda ku Lusaka, la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone, ndi la Mfuwe kuno kwa ife a Kum'mawa, limene limalandira alendo odzaona nyama ku South Luangwa. Conco zimene ndikunena za Ndola zimveke ku Masaiti, ku Mpongwe ndi ku Lufwanyama, komanso ku Mambwe, ku Katete ndi ku Lundazi. Ndiponso ndi mudzi uti wa Kum'mawa umene ulibe mwana kapena mdzukulu ku Migodi?

NJIRA ZATSOPANO

Kale munthu wa ku Kitwe kapena ku Chingola wofuna kupita kunja kawirikawiri anali kuyamba wapita ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 300 pa mseu wodzaza malole. Pang'onopang'ono zinthu zinasintha. Mu 2013 kampani ya Ethiopian Airlines inatsegula njira yocokera ku Addis Ababa kudza ku Ndola. Mu 2019 kampani ya kuno kwathu ya Proflight inayamba ulendo wa Ndola ndi Johannesburg. Pamene bwalo latsopano linali kutsegulidwa, ndeke za Kenya Airways zocokera ku Nairobi ndi za Airlink zocokera ku Johannesburg zinali kutera kale mu mzindawu, ndipo kumapeto kwa 2021 Air Tanzania inaonjezapo njira ya ku Dar es Salaam, doko lomwe lija limene tinalidalira pa nthawi ya mavuto.

Pa 1 December 2021 dzina limene akulu anali atalilira linaonekanso mlengalenga. Zambia Airways yakale, imene inaima payokha mu 1967 ndipo ndeke yake yaikulu yochedwa Nkwazi inali kufika ku London ndi ku New York, inagwa mu December 1994 cifukwa ca ngongole. Patapita zaka 27 kunabadwa Zambia Airways yatsopano, imene magawo 55 pa 100 ndi a boma kudzera m'bungwe la Industrial Development Corporation, ndipo magawo 45 ndi a Ethiopian Airlines. Pakati pa maulendo ake oyambirira panali wa Lusaka ndi Ndola, ulendo wosakwana ora limodzi.

Tsopano mvetserani bwino, cifukwa apa ndi pamene ambiri amasokera. Njira ya ndeke si mseu wa tara, umene ukamangidwa wamangidwa. Njira ya ndeke ili ngati basi ya kumudzi. Mwini basi akaona kuti sabata ndi sabata ikubwerera ndi anthu atatu, amaicotsa n'kuipereka ku njira ina, ndipo palibe mfumu kapena nduna imene ingamuumirize kuti azitaya ndalama zake. Ndeke imamwa mafuta ofanana pafupifupi, kaya mipando yadzaza kaya ili yopanda anthu. Tinaziona ku Lusaka: British Airways inaleka kubwera mu 2013, ndipo KLM ya ku Holland inaleka mu 2014. Panalibe nkhondo, panalibe cipata cotsekedwa. Eni ake anangowerengera ndalama, naona kuti sizikubweza. Cimene cinacitikira likulu la dziko cikhoza kucitikira Ndola mosavuta.

Nanga cimene cimasunga njira ya ndeke n'ciani? Ndi zinthu ziwiri: anthu pamwamba, katundu pansi.

MIMBA YA NDEKE

Pansi pa mipando imene apaulendo amakhalapo pali cipinda cacikulu, cimene a nchito imeneyi amaciyerekeza ndi mimba. Mmenemo mumalowa masutukesi, ndipo malo otsala amagulitsidwa kwa amalonda. Gawo lalikulu la katundu wa pa ndeke pa dziko lonse limayenda motero, osati m'ndeke za katundu yekhayekha. Conco njira yatsopano ya apaulendo ikatseguka, yatsegukanso njira ya malonda, ngakhale kuti a nyuzi salemba zimenezo. Ndipo ndalama za katunduyo nthawi zina ndizo zimapulumutsa njira imene mipando yake siinadzaze.

Kodi ndi ciani cimene cimabwera m'mimba ya ndeke? Coyamba ndi zitsulo za makina a m'migodi. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe uli m'gulu la migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo mapampu ake sayenera kuima. Kacitsulo kamodzi kakathyoka, sangayembekeze sitima ya pamadzi imene itenga masabata. Caciwiri ndi mankhwala ndi katemera. Akatemera ambiri ayenera kusungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 kucokera kumene apangidwa kufikira pa mkono wa mwana wanu ku sikelo. Mu April 2021 katemera woyamba wa Covid-19, okwana 228,000, anafika m'dziko muno pa ndeke. Amai amene mumapereka ana ku kiliniki, mwapindula kale ndi ndeke ngakhale simunakweremo.

Koma funso langa lalikulu ndi ili: ndeke ikatsitsa zitsulo ndi mankhwala, kodi ibwerera ndi ciani? Ikabwerera yopepuka, ndiye kuti ndalama zathu zikungotuluka, ndipo mtengo wa ulendo wonse ukusenzedwa ndi katundu wobwera yekha, amene tikumugula ndife.

Ena adzati titumize cimanga. Iai. Mtengo wonyamulira thumba la makilogiramu 50 pa ndeke umaposa mtengo wa cimangaco kangapo konse. Cimanga, soya, thonje ndi mkuwa ndi katundu wa lole ndi njanji. Ndeke imafuna katundu wa mitundu iwiri: wopepuka koma wa mtengo wapatali, kapena wofulumira kuonongeka. Miyala ya emerodi ya ku Lufwanyama, kumene kuli mgodi wa Kagem, umodzi wa migodi yaikulu ya miyala imeneyi pa dziko lapansi, ndiyo citsanzo ca mtundu woyamba. Maluwa, nyemba zaziwisi, nsawawa, tsabola ndi timwana ta cimanga ndizo za mtundu waciwiri. Anapiye a tsiku limodzi amayendanso pa ndeke, cifukwa mwanapiye amabadwa ndi kamba wake m'mimba amene amamsunga kwa masiku ngati atatu; ulendo uyenera kutha kambayo asanathe. Ngakhale uci wa ku Mwinilunga ndi ku Kabompo, umene wambiri umapita kunja m'migolo pa sitima, kabotolo koyamba kamene wogula amakalawa ndi kukapima asanasaine pangano kamapita pa ndeke.

Nchito imeneyi si yacilendo kwa ife. Mu 1984 alimi ogulitsa kunja anapanga bungwe lao la Zambia Export Growers Association, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ndi kuciyambi kwa m'ma 2000 maluwa a rozi ndi ndiwo zamasamba za m'mafamu ozungulira Lusaka zinali kugulitsidwa ku Britain ndi ku Holland. Anthu zikwi zambiri, makamaka amai, anapezamo nchito. Pambuyo pake malondawo anacepa, ndipo cimodzi ca zifukwa zake cinali kudula ndi kucepa kwa malo m'ndeke. Pamene ife tinali kubwerera m'mbuyo, anzathu a ku Kenya ndi Ethiopia anali kupita patsogolo, ndipo ku Kenya alimi a minda yaing'ono ngati yanuyi ndiwo amalima gawo lina la nyemba zaziwisi zimene zimadyedwa ku Ulaya. Makasu ao ndi ofanana ndi anu. Cimene anatiposa naco ndi dongosolo.

MLIMI WA KUMUDZI ACITE CIANI?

Sindinabwere kudzakuuzani kuti mawa munyamule dengu la matimati kupita nalo ku bwalo la ndeke. Mlonda adzakubwezani pa cipata. Pali masitepe, ndipo ndidzawachula mwa dongosolo lake.

Loyamba, wogula apezeke mbeu isanalowe m'nthaka. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Ine ndinaonapo ndi maso anga gulu lina la alimi limene linalima tsabola wambiri cifukwa ca mphekesera yakuti kunja akumufuna. Tsabola anabereka bwino, koma panalibe pangano lolembedwa, panalibe galimoto, panalibe pomusunga. Anaolera m'matumba m'mbali mwa mseu, ndipo caka cotsatira anthu aja anakana kumvanso mau akuti kopaletivu. Colakwa sicinali ca tsabola. Wogula wa kunja amachula mtundu wa mbeu, kukula kwake, kuculuka kwake ndi tsiku lake, ndipo zonsezi ziyenera kukhala pa pepala.

Laciwiri, gwirizanani. Wogula safuna mabokosi asanu lero, kenaka zii mwezi wathunthu. Amafuna muyeso womwewo sabata iliyonse, dzinja ndi cilimwe. Mlimi mmodzi sangathe, koma alimi 40 a m'kopaletivu imodzi, obzala mosinthana masabata ndiponso okhala ndi madzi othirira, akhoza. Kopaletivu yotero ikhale ndi mabuku oyera. Msungicuma amene sangathe kuonetsa lisiti pa msonkhano acotsedwe mosanyengerera, ngakhale akhale mlamu wake wa wakumpando.

Lacitatu, kuzizira. Nyemba yaiwisi ikathyoledwa imakhalabe yamoyo. Imapuma, imatentha, imafota. Ora limodzi pa dzuwa la October limaidyera masiku amene ikanakhala pa sitolo. Cotero kuthyola kukhale m'mamawa, zokolola ziikidwe pamthunzi nthawi yomweyo, zifike ku cipinda cozizira tsiku lomwelo, ndipo zisatenthenso kufikira zitalowa m'ndeke. Apa ndi pamene mseu wa kumudzi umalowera m'nkhani ya ndeke. Bwalo la madola mamiliyoni lilibe phindu kwa mlimi amene mlatho wa kwao unakokoloka. Makhansala anu afunsidwe za miseu yaing'ono ndi magetsi pa msonkhano uliwonse, ndipo ndalama za citukuko zimene zimabwera ku dera lanu zilondoledwe.

Lacinai, zikalata. Palibe comera cimene cingatuluke m'dziko popanda cikalata cotsimikiza kuti cilibe matenda kapena tizilombo, ndipo cikalataco cimaperekedwa ndi nthambi ya Unduna wa Malimidwe yoona za umoyo wa zomera. Maiko a ku Ulaya amapima mosamala. Akapeza mphutsi imodzi m'bokosi la tsabola kapena la maluwa, akhoza kukana katundu yense, ndipo zikabwerezedwa dziko lonse limaipirwa mbiri. Amapimanso mankhwala otsalira pa ndiwo. Mlimi amene apopera mankhwala lero n'kuthyola mawa, osayembekeza masiku olembedwa pa botolo, akhoza kutsekera anzake onse msika. Funsani alangizi a zamalimidwe. Safunsa anadya phula.

Lacisanu, phunzirani kuwerengera monga amawerengera a ndeke. Iwo samalipiritsa kulemera kokha, amalipiritsanso malo. Lamulo lao ndi lakuti acurukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa bokosi m'masentimita, n'kugawa ndi 6,000. Bokosi la masentimita 60 ndi 50 ndi 40 limawerengedwa ngati makilogiramu 20. Likalemera makilogiramu 8 okha, mudzalipirabe 20, ndipo makilogiramu 12 mwalipirira mphepo. Acinyamata amene munafika ku sekondale, nayo nchito yanu: mukhale alembi a makopaletivu, mudziwe kulongedza, kuwerengera ndi kulemba makalata.

Ndipo musaiwale msika umene uli pakhomo. Bwalo la ndeke lenilenilo, mahotela a ku Ndola ndi ku Kitwe, makampu a alendo ku Mfuwe, ndi alendo amene amadza ku cionetsero ca malonda ca ku Ndola caka ndi caka, onsewa amadya tsiku lililonse. Amafuna mazira, nkhuku, kabichi, anyezi ndi zipatso. Mlendo amene watsika m'ndeke n'kudya nthoci ya m'dimba mwanu wakugulitsirani kunja popanda inu kulipira ndeke. Amene walephera kupereka mazira pa nthawi yake ku hotela ya pa Boma sangathe kukhutiritsa wogula wa ku London. Tiyambire pafupi.

NGONGOLE

Tsopano ndinene mau owawa. Ndalama zambiri zomangira bwalo la Kapwepwe zinabwerekedwa ku banki ya Exim ya ku China. M'zaka zomwezo dziko linabwerekanso zambiri za miseu, magetsi ndi bwalo la ku Lusaka. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ciongoladzanja pa ngongole zake zina za kunja, ndipo Kwacha inafooka. Inu munazimvera pa mtengo wa feteleza, sopo ndi mafuta ophikira. Mu June 2023 maiko amene tili nao ngongole anavomera kutalikitsa nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni. Kutalikitsa si kukhululuka. Walira mvula walira matope.

Anthu akhoza kutsutsana ngati kunali koyenera kumanga bwalo lalikulu cotere pa nthawi imeneyo, ndipo mtsutso umenewo ndi wololedwa. Koma bwalo laimirira kale, ndipo ngongole ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku, kaya mwatera ndeke khumi kaya imodzi. Bwalo limapeza ndalama pa ndeke iliyonse imene itera, pa munthu aliyense amene akwera, ndi pa katundu yense amene adutsa. Likagwira nchito mokwanira lidzathandiza kudzilipirira. Likakhala cete, ngongoleyo idzalipidwa ndi ndalama zimene zikanagula mabuku a ana ndi mankhwala a m'zipatala. Ndico cifukwa cake muli ndi ufulu wofunsa aphungu anu a ku Nyumba ya Malamulo kuti pa caka mwadutsa anthu angati ndi katundu wolemera bwanji, ndiponso kuti mwa katunduyo wocokera kwa alimi ndi wocuruka motani.

CENJEZO

Ndinati khomo likatseguka pamalowa abwino ndi oipa. Kwa inu okhala pafupi ndi mabwalo a ndeke, ku Ndola, ku Mfuwe, ku Chipata kapena kwina kulikonse: waya wa mpanda si wochera misampha kapena womangira khola. Amene adula mpanda watsegulira ng'ombe ndi agalu njira yopita pamene ndeke itera pa liwiro loposa makilomita 200 pa ora. Musatenthe thengo pafupi ndi bwalo, cifukwa utsi umaphimba maso a woyendetsa. Musataye zinyalala kapena matumbo a nyama pafupi, cifukwa zimaitana akhwangwala ndi akabawi, ndipo mbalame imodzi ikalowa mu injini ikhoza kugwetsa ndeke. Anyakwawa, musagawe malo a bwalo kwa anthu omanga nyumba. Kumbukirani thengo lija la 1961.

Kwa makolo: cenjerani ndi anthu a mau okoma amene amadza m'midzi kulonjeza ana anu nchito za kunja, nati tikiti ndi pasipoti adzalipira okha. Atsikana ndi anyamata ambiri a mu Africa anapita motero, ndipo atafika analandidwa mapasipoti n'kugwiritsidwa nchito ngati akapolo. Musanalole mwana kupita, kafunseni ku ofesi ya za nchito ndi ku polisi. Ndipo mwana wanu asavomere konse kunyamulira munthu phukusi limene sanalimange yekha. M'maiko ena cilango ca mankhwala osokoneza bongo ndi imfa, ndipo woweruza wa kumeneko sadzamva zakuti "ndinangotumidwa". Cimodzimodzinso amene azembetsa miyala ya mtengo wapatali kapena minyanga akuba cuma ca ana anu, ngakhale akugulireni mowa.

MAU OTSIRIZA

Akumpando, amai ndi abambo, mukabwerera ku nthambi zanu ndikupempha zinthu zitatu. Itanani msonkhano mwezi uno usanathe, ndipo muitanenso mlangizi wa zamalimidwe. Lembani mbeu ziwiri kapena zitatu zimene dera lanu lingathe kulima caka conse ndi madzi amene muli nao. Sankhani anthu awiri okhulupirika, mmodzi mwa iwo akhale mai, kuti apite kukakamba ndi ogula a m'tauni yapafupi ndi kubwera ndi yankho lolembedwa. Pa msonkhano wotsatira tidzafuna kumva zimene mwapeza, osati zimene mwalonjeza.

Makolo athu mu 1966 anakweza mkuwa m'ndeke cifukwa adani anawatsekera njira. Ife lero palibe watitsekera. Njira zili zotseguka kupita ku Addis Ababa, ku Nairobi ndi ku Johannesburg. Tsiku lina mukadzaweramuka m'munda kuyang'ana ndeke ikudutsa, ndifuna kuti mudzathe kuuza mdzukulu wanu kuti m'mimba mwa ndeke imeneyo muli mabokosi a kopaletivu ya m'mudzi mwanu.